Waya Wopita M'chipinda cha Eda

Mpondasi, Mangochi
22 Ogasiti 2023

Mwana wanga Ayub,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Joniko. Kuno tikudzuka, Alhamdulillah. Kalatayi ndapatsira transipota amene amatibweretsera katundu wako. Usadabwe kuti ndasiya foni n'kugwira cholembera. Pafoni umangoti "eya amao, eya amao" maso ali kwa bwana wako, ndipo ndimadziwa kuti palibe chimene wamva. Kalata ndiye uwerenga mpaka kumapeto.

Sadaka ya arobaini, ya masiku makumi anayi chimwalirireni bambo ako, inayenda bwino. Mpunga unakwanira, ashehe anachita duwa, anthu anabalalika. Amene sanabalalike ndi bambo ako aang'ono, Che Shaibu. Anabwera kuchokera ku Malindi tsiku la maliro ndi kachikwama kamodzi, ati adzatithandize kulandira opepesa. Opepesawo anatha kalekale, iwo akadali pabalaza. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa lawalephera.

Ukudziwa kuti ndili pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osachoka pakhomo, osakhala pamodzi ndi amuna achilendo. Lamulo limenelo sindikulimbana nalo, bambo ako ndi oyenera kuwalira. Koma chitseko cha chipinda changa chimatsegukira pabalaza, ndipo pabalazapo alamu anga ndi anzawo amadzazapo kuyambira m'mawa, kuonera kanema uja unatigulira. Choncho ndinasamukira m'chipinda cha kuseri, chija ndinkasungiramo matumba a usipa. Fungo lake silinathe. Ndine mwini nyumba, koma ndikulowera khomo la nkhuku.

Mlongo wako Hidaya atabwera kuchokera ku Chembe anandipeza ndikucheza ndi buluzi wapakhoma. Analira, kenako anakwiya. Anati kuloji kumene amagwira ntchito dishi imodzi imadyetsa zipinda zingapo, palibe zamatsenga. Anakagula waya kumsika, anaulumikiza kumbuyo kwa dikoda, anaudutsa pamwamba pa khoma kunsi kwa malata, mpaka kudzaulowetsa mu kakanema kakale kaja tinakaika pakabati. Tsopano m'chipinda mwanga muli mawu a anthu.

Ndikukuuza ndekha usanamve kwa ena. Sindikupempha chilolezo, ndikungokudziwitsa.

Undiuze ngati chifuwa chija chinasiya. Transipota akamabwera umpatsire mafuta opaka m'mawondo aja, akale anatha.

Ndine mayi ako,
Abiba Abiti Husseni


Mpondasi, Mangochi
5 Seputembala 2023

Kwa mwana wathu Ayub,

Asalamu alaikumu warahmatullah. Ine bambo ako Shaibu ndili bwino, kungoti ndatopa ndi udindo umene achimwene anga anandisiyira. Ndasiya maukonde anga ku Malindi, ndikugona pampando, zonsezi chifukwa cha ulemu wa banja lathu. Sindikudandaula.

Ndikulemba ndi mtima wosweka. Mlongo wako anabwera kuno n'kuboola khoma la nyumba ya malemu osafunsa munthu. Anakoka waya kuchokera pa dikoda kupita m'chipinda cha mayi ako. Ine ndinakhala chete, ndimati mwina akufuna azimvera ulaliki. Koma Lachiwiri lapitali amayi a dawa, gulu lija lophunzitsa chipembedzo kumzikiti kwathu, anapita kukawaona, ndipo zimene anakapeza sindingathe kuzilemba zonse papepala. Atsikana ovala tizovala tatifupi akugwedeza ziuno, nyimbo za m'mabala, mwa munthu wa pa eda! Pano nkhaniyi ili ponseponse, pachigayo, padoko, ngakhale pakhomo la mzikiti. Ine pabalaza pano, Mulungu ndi mboni, chimene ndimafuna n'kuona Makka basi, ndi nkhani pang'ono. Koma anthu akuloza ine, ati nyumba ya achimwene ako yasanduka chiyani.

Iwe ndiwe mwamuna wa pakhomo pano tsopano. Uwauze achotse wayayo. Ine sindingalowe m'chipinda mwawo, ndipo ndikatuma mawu amandiyankha ndi chete.

China n'chakuti uyambe kuganiza za mtsogolo. Eda ikatha, mayi ako n'kwabwino apite kwawo ku Nkope akapume pakati pa abale awo. Mkazi yekha m'nyumba yaikulu ngati ino m'tauni, anthu amayankhula. Nyumbayi ine ndikhoza kukusungira mpaka udzabwere, sindiwerengera kuvutika kwanga. Ungonditumizira mawu ako olembedwa kuti pasakhale mkangano. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, mwana wanga.

Ngati kumeneko kukupezeka mikanjo yoyera yotsika mtengo, saizi yanga ndi ya bambo ako yomwe ija.

Ndine bambo ako,
Shaibu


Mayfair, Joni
14 Seputembala 2023

Amao okondedwa,

Waalaikumu salamu. Chifuwa chinasiya, musade nkhawa. Mafuta a m'mawondo ndatumiza mabotolo awiri. Makalata onse awiri ndalandira, yanu ndi ya bambo aang'ono, ndipo chiwerengereni chakudya sichikulowa.

Amao, ine ndikudziwa kuti kukhala nokha n'kowawa. Inenso kuno ndimagona m'kachipinda kumbuyo kwa shopu, ndikudziwa mmene makoma amaunjikira munthu. Koma zimene ndamvazi zandichititsa manyazi. Kuno anthu a kwathu ndife ambiri, ndipo nkhani ya ku Mpondasi imafika ku Mayfair transipota asanadutse Mwanza. Lachisanu kumzikiti munthu wina anandifunsa kuti, "Amayi akupeza bwanji ndi kanema wawo?" Anzake anaseka. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Chonde, chifukwa cha dzina la bambo, chotsani wayayo. Kwangotsala miyezi iwiri. Ngati simungathe, bwanji muziuza anthu kuti munauika kuti muziona Makka basi, ndipo tsiku lija linali ngozi? Anthu akhoza kumvetsa.

Bambo aang'ono musawaone ngati mdani. Asiya ntchito zawo chifukwa cha ife. Pamaliro ine kunalibe, iwo ndi amene anatsika m'manda kulandira thupi la bambo. Chimenecho sindingachiiwale, ndipo sindingawayankhe mwano.

Hidaya mumuuze achepetse liuma. Si zonse za kuloji zimene zimayenera pakhomo pa Asilamu.

Mundikhululukire ngati ndalankhula mopyola. Mundichitire duwa.

Mwana wanu,
Ayub


Mpondasi, Mangochi
29 Seputembala 2023

Ayub,

Salamu. Mafuta ndalandira, sikomo. Kalata yakonso ndalandira, ndipo ndinaiwerenga kawiri kuti mwina koyamba ndinawerenga ndi mkwiyo. Kachiwiri mkwiyo unachita kuwonjezeka.

Wandiweruza usanandifunse. Tsono khala pansi ndikuphunzitse za waya, poti iwe wa ku Joni sukudziwa ndipo bambo ako aang'ononso sakudziwa. Dikoda ndi imodzi. Waya wa Hidaya susankha tchanelo, umangonyamula chimene dikoda yatulutsa. Chimene chili pa kanema wa pabalaza ndi chomwecho chili pa kakanema kanga. Ndipo rimoti inali m'manja mwa yani? Ine ndinalibe ngakhale kabatani kosinthira. Atsikana ogwedeza ziuno aja amayi a dawa anawapeza kwa ine, anawaitana ndi Che Shaibu. Tsiku lililonse ikangokwana 2 koloko masana, anzawo akapita, ndiwo anali chakudya chawo. Akamva mapazi pakhonde, phethi, kanema yense wasanduka Makka. Ine kuseri kuno ndinkadziwa kuti kwabwera mlendo ndisanamve odi. Koma amayi a dawa anadzera kuseri, alamu anga sanawamve.

Amayi a dawa atandiyang'ana ndi maso aja sindinanene kanthu. Ndinati ndi mng'ono wa mwamuna wanga, ndimuphimbe. Ndinameza manyazi amene sanali anga. Kumeneko n'kumene ndinalakwa, chifukwa amene ndinamuphimbayo ndi amene wakandivula ku Joni.

Ukuti ndiname kuti ndimangoona Makka. Sindinama. Zogwetsana zija zikabwera ndimaonera, ndipo ndimaseka. Bambo ako ndi ine tinkaonera Loweruka lililonse, iwo akuchemerera chimunthu chadazi chija, ine ndikuwauza kuti zonsezi n'zopangana. Ndikaziona ndimawamva akutsutsa pambali panga. Ngati kumeneko n'kulakwa ndikayankha ndekha kwa Mulungu, osati kwa anyamata a ku Mayfair.

Waya sindinachotse. Lachisanu lapitali, amuna onse ali kumzikiti ku swala ya Juma, Hidaya anazula dikoda pabalaza n'kuibweretsa kuno. Chingwe cha padishi anachilowetsa pazenera langa. Waya uja ndi womwewo, kungoti tsopano ukuyenda chobwerera, kuchoka kwa ine kupita pabalaza. Rimoti ili pansi pa pilo wanga.

Ndamva kuti alamu anga anakulembera kuti chimene amafuna ndi Makka basi. Ndawapatsa. Kuyambira m'mawa mpaka magetsi atazima, pabalaza ndi Makka. Popeza waya sunama, inenso ndi chomwecho, zogwetsana ndazisiya kaye. Ndipo ndikuuze, zandichitira ubwino. Ndimayang'ana anthu akuzungulira Kaaba, kumene bambo ako ankati tidzapita limodzi bwato likadzagulitsidwa, ndimalira bwinobwino mpaka mtima kupepuka. Koma anzawo a alamu anga a mpira aja, Loweruka anakhala mphindi khumi n'kukumbukira kuti ali ndi zochita.

Kalata iyi ukhoza kukaiwerenga kumzikiti kwanuko ngati ukufuna.

Mayi ako,
Abiba


Chembe
12 Okutobala 2023

Achimwene,

Salamu. Ndine Hidaya wa liuma uja. Ndamva kuti mwanditumizira malangizo kudzera kwa amao. Ndalandira, ndawaika pabwino.

Ndikulemba kuti mudziwe zimene bambo aang'ono sakulemberani. Lolemba amao anandiimbira kuti kanema wafa, akungolemba kuti palibe siginolo. Ndinapempha tsiku kuntchito, ndinakwera matola mpaka ku Monkey Bay, minibasi mpaka kunyumba. Ndinapeza dishi yayang'ana kuphiri ngati yanyanyala. Bambo aang'ono akuti ndi mwera. Mwera mwezi uno, kunja kuli phee, ngakhale tsamba la mango osagwedezeka? Ndipo mwera wake ndi wodziwa kugwira sipanala, chifukwa mabawuti awiri anali omasula bwinobwino.

Amisiri awiri amene ndinawaitana anakana, ati akuluakulu a pakhomopo anawaletsa. Ndiye ndinabwereka makwerero kwa aneba, ndinavala thalauza mkati mwa chitenje, ndinakwera ndekha. Malata akuotcha ngati chiwaya. Bambo aang'ono anatuluka akukuwa.

"Astaghafirullah! Mwana wamkazi padenga? Tsika msanga, ukutichititsa manyazi!"

Ine ndinati, "Bambo, ndatsika pompano mukakwera inu. Sipanala mukuidziwa kumene ili."

Sanakwere.

Kulozetsa dishi kumafuna anthu awiri, wina padenga, wina pa kanema kumawerenga manambala a siginolo. Amao sangatuluke, ndiye anatsegula zenera n'kumakuwa ali mkati. "Ziro! Ziro! Khumi ndi ziwiri! Bwerera pang'ono, wapyola! Fote! Sikisite!" Achimwene, mawu amene aja ndinali nditawaiwala. Ndi aja ankagulitsira usipa pamsika, omveka kutsidya kwa mlatho. Miyezi itatu akhala akunong'ona ngati wakuba m'nyumba mwawo momwe. Azimayi a m'mipanda yoyandikana anatuluka, ena akuseka, ena atagwira pakamwa. Itafika sevente-faifi amao anati, "Manga pomwepo!" ndipo mayi wina kuseri kwa mpanda analuluta. Ine padengapo misozi inkagwera pa sipanala.

Tsopano mvetsani ichi. Nkhani si kanema. Bambo aang'ono abweretsa matilesi, njinga, ndi makina osokera a akazi awo, zonse aunjika m'chipinda cha bambo. Akuuza anthu kuti akungodikira kalata yanu. Musalembe kalata imeneyo. Foni yanu ndaimba kanayi, simukuyankha, kapena mukuona dzina langa n'kuibweza m'thumba.

Ndine mlongo wanu,
Hidaya


Mayfair, Joni
15 Okutobala 2023

Amao okondedwa,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira mawondo akupezako bwino. Kalata yanu ya pa 29 inandipeza mochedwa, galimoto ya transipota inafera ku Tete. Ndaiwerenga ndipo ndapepesa mumtima. Sindinkadziwa za wayayo. Mundikhululukire.

Koma amao, taonani mmene zinthu zafikira. Inu ndi bambo aang'ono simungakhalenso pansi pa denga limodzi, kulimbirana rimoti ngati ana. Ine ndili kutali, sindingathe kuweruza milandu tsiku ndi tsiku. Ndaganiza njira yoti aliyense apeze mtendere.

Ndakugulirani dishi yanuyanu, dikoda yatsopano, kanema wamkulu kuposa wa pabalaza, ndi sola yake yomwe, kuti ku Nkope magetsi asakuvuteni. Zonse zikubwera ndi kalata ino. Eda ikatha mukakhale kwa amalume, kufupi ndi nyanja, kumene usipa mukagula padoko pomwepo osalipira thiransipoti. Kumeneko mukaonera chilichonse chimene mukufuna, zogwetsana zomwe, popanda wokuwerengerani.

Bambo aang'ono ndawalembera kuti asunge nyumbayo mpaka ndidzabwere. Si kuti ndawapatsa, akungosunga. Ndikudziwa kuti poyamba mudzakwiya, koma mukadzaona kanemayo mudzadziwa kuti mwana wanu amakukondani. Ndinagwira ntchito Lamlungu anayi kuti ndimupeze.

Mundiyankhe msanga, mtima wanga suli m'malo.

Mwana wanu,
Ayub


Mpondasi, Mangochi
18 Novembala 2023

Mwana wanga Ayub,

Waalaikumu salamu. Ndachedwa kuyankha dala. Ndikanalemba tsiku limene katundu wako anafika, pepala likanapsa.

Ona adiresi pamwambapo. Sinasinthe.

Makatoni ako ndalandira, ndipo ndikudziwa thukuta limene lili mkatimo. Sikomo. Koma unandipweteka, Ayub, kuposa mmene anandipwetekera alamu anga. Iwo ankadziwa chimene akufuna. Iwe unaganiza kuti mayi ako ndi mwana wolirira chidole, ukampatsa chachikulu asiya kulira n'kuchoka panjira. Njerwa za nyumba ino ndinaumba ndi bambo ako, madzi ndikutunga ku Shire iwe uli kumsana. Malata ake ndi usipa wanga. Ndinkamenyera waya chifukwa ndi chokhacho chimene ndikanatha kumenyera ndili m'chipinda chotseka.

Kalata imene unawalembera, Che Shaibu anaiwerenga mokweza pakhonde, kawiri, kuti ifike kuseri. Inafika. Ndinatuma Hidaya kukaitana ashehe, ndipo ndinawafunsa ndili kuseri kwa katani, alamu anga ali pomwepo. Ndinati, munthu akamwalira n'kusiya mkazi, mwana wamwamuna ndi mwana wamkazi, mng'ono wake amalandira chiyani? Ashehe anakhosomola, anayang'ana uku ndi uku, koma buku sakanalisintha. Anati salandira kanthu. Ndiye ndinati, gawo la Ayub ngati akufuna kusungitsa asungitse, ndi lake. Koma langa ndi la Hidaya tisunga tokha, ndipo sindikudziwa kuti mpeni wodulira pabalaza patatu augula kuti.

Eda inatha Lolemba. Ndinasamba, ndinavala chitenje changa chobiriwira, ndinadzola mafuta onunkhira koyamba chichokereni bambo ako. Sindinazungulire kuseri. Ndinatsegula chitseko chapakati n'kulowa pabalaza dzuwa lili pamutu. Alamu anga anali pampando wa bambo ako, miyendo ili patebulo. Ndinawapatsa salamu, anayankha. Ndinati, "Alamu, mwatisungira nyumba, Mulungu akulipireni. Tsopano mwini wake watuluka." Kenako ndinakhala pansi n'kuyamba kusankha mpunga.

Anakhala. Inenso ndinakhala. Usaganize kuti sindinkaopa. Azimayi anayamba kubwera kudzandiona monga mwa mwambo, mmodzi, awiri, kenaka gulu lonse la dawa, mpaka pabalaza panadzaza mipango yokhayokha. Amene anandiyang'ana moipa tsiku lija analipo, ndipo wina anafunsa mokweza kuti kodi rimoti masiku ano imakhala ndi yani. Mwamuna mmodzi pakati pa azimayi makumi awiri, onse atamva kale kwa Hidaya zimene ankaonera 2 koloko. Nthawi ya swala ya Asiri anadzuka, ati akupita kumzikiti. Mawa lake kunabwera njinga ya kabaza kudzatenga matilesi ndi makina.

Sindinawatukwane, ndipo iwenso usawatukwane. Anatsikadi m'manda a bambo ako. Pa Idi adzadya mpunga pano ngati mlendo, ndipo adzapita.

Dishi yako ndaipereka kwa amalume ako ku Nkope, ana a kumeneko akukudalitsa. Kanema wamkuluyo ndamuika pabalaza. Lero ndi Loweruka, ndaonera zogwetsana ndekha, chitseko chili chotsegula. Chimunthu chadazi chija chagonja, ndipo panalibe wonditsutsa. Ndinalira pang'ono, kenako ndinakaphika tiyi.

Ndakukhululukira, chifukwa ndiwe wanga ndipo mantha ako ndikuwadziwa kuyambira uli wamng'ono. Koma usadzatumenso munthu kudzandisungira chimene ndili nacho m'manja. Ukafuna kudziwa za nyumba ino, funsa ine.

Bwera chaka chino, udzaone manda a bambo ako. Ukadzafika usadzafunse makiyi kwa munthu aliyense. Udzagogode, ndidzakutsegulira ndine.

Mayi ako,
Abiba Abiti Husseni